Galimoto Sinatitimire, Ikupuma

Lolemba

Mvula. Yayamba kusanache, mpaka pano.

Matabwa a mabenchi a kutchalitchi ndikatenga ndine ku Luwawa, pa pikapu yanga. Ndinanena dzulo titaweruka mapemphero, akuluampingo onse akumva. AZgambo amati atumize ngolo yawo. Ngolo! M'mudzi muli galimoto ya folo wilo, yokoka ndi matayala onse anayi, matabwa a Mulungu abwere akununkha ndowe? Ndinawauza kuti Loweruka akonzeretu misomali.

Njira zilipo ziwiri. Ina ndi yotsikira ku Jenda, kukwera tala, kuzungulira ngati munthu wozemba apongozi. Ina ndi ya m'nkhalango: udutse dambo la Kanyoli, ulowe m'mapaini, mbwenu watulukira pa macheka. Ndasankha yachiwiriyo.

Masana waimba foni Wongani, mwana wanga wa ku Joni, amene anatumiza pikapuyi. Wina wamuuza kale. Nyumba ino mawu amatuluka ngati utsi. Akuti kumene amayendetsa galimoto ya abwana ake, kufupi ndi mapiri a ku Lesotho, kumagwa chipale chofewa, choyera ngati ufa, chofika m'mawondo. Iye akuti sinoo. Akuti sinoo ndi matope n'zapachibale, zonse zimabisa dzenje. Wandiwerengera malamulo:

- Osapita wekha, pakhale galimoto ina yokukoka. (Inayo ndiibereke?)
- Tenga fosholo, chingwe, bulangeti.
- Pokayikitsa tsika, ulase pansi ndi ndodo.
- Phwetsako matayala. (Wamisala yekha ndiye amaphwetsa tayala lake lomwe.)
- Ukatitimira usaponde moto, umangokumba.
- Usakhale m'kati injini ikulira paipi ya utsi itakwiririka.

Ine ndayendetsa thirakitala m'maesiteti a fodya ku Kasungu iye asanabadwe. Sukulu sindinapondeko. Zilembo ndinazitola pa zikwangwani za mumsewu ndi m'buku la nyimbo, ndipo palibe chikwangwani chinandisocheretsapo. Lero mwana andiphunzitse matope a kwathu ndi nzeru za madzi oundana?

Pomaliza ndi pamene wandilasa: "Adada, ndapota. Ikatitimira kuthengo kachiwiri, makiyi apita kwa NyaBanda."

Kachiwiri! Chaka chatha kuja sikunali kutitimira. Msewu ndi umene unatsika.

NyaBanda ndi mkazi wake, mkamwana wanga. Laisensi ali nayo, akutero. Anakulira ku Luwawa komweko, bambo ake anali a ku Dedza, oyendetsa lole ya matabwa. Mwana wabwino, sindikana. Koma pakhomo pano mwambo ulipo: mkamwana salankhula ndi apongozi ake aamuna, sakhala nawo pamodzi, sapatsana nawo chinthu pamanja. Makomo ena amangopereka nkhuku mwezi woyamba womwewo, akuti kumutsegula pakamwa, basi n'kumacheza ngati anzawo a pabawo. Ine nkhuku sindinapereke. NyaShaba, mkazi wanga, wandilira nayo nkhukuyo mpaka watopa.

NyaBanda akakhala ndi mawu amauza NyaShaba. NyaShaba akachoka, amauza galu wanga Chitedze, mokweza, ine ndili pafupi. Zimayenda bwinobwino. Mawu ouza galu ndi a galu. Ndikafuna ndimamva, ndikapanda kufuna sindimva.

Makiyi ali m'thumba la jekete. Akhala momwemo.

Lachiwiri

M'mawa ndapeza kumbuyo kwa pikapu fosholo, chingwe ndi bulangeti. Zakwera zokha. Ndazitsitsa. Munthu wonyamula fosholo wavomera kale kuti akatitimira, ndipo anthu amaona.

Zimene ndikutenga:

- ndodo yanga
- jekete la suti, popeza ndikukaonana ndi azibale a mkamwana
- wailesi
- ambulera
- chimanga chootcha
- nzeru

NyaBanda akutsuka mbale kuseri kwa nkhokwe, galu ali pambali pake. "Chitedze, galimoto iyi kuti ikoke ndi miyendo yonse inayi, zofiira zija zili pakati pa matayala akutsogolo amayamba azipotokola." Chitedze wangoyasamula. Ndagwirizana naye. Folo wilo ili pa kandodo kakang'ono ka giya m'kati, zinalembedwa pomwepo, ndimaziwerenga. Zofiirazo n'zokongoletsa za ku Joni, monga nsapato zosongoka zimene Wongani amabwera nazo pa Khirisimasi.

Ku Jenda kukathira dizilo. Dalaivala wina wa lole, ndevu zake ngati chisa cha mpheta, wamva kuti ndidzera ku Kanyoli. Akuti sabata yatha dambolo linameza lole mpaka pa zitseko. Ndamufunsa ngati lole yake ndi folo wilo. Akuti ayi. Mbwenu!

Pobwera ndakumana ndi aZgambo akuchokera kodyetsa. Aima pambali, avula chipewa, ulemu wonse. "Ng'ombe zanga zili pompano, bambo, mukazifuna." Ndawayankha ndi hutala. Munthu ameneyu takhala tikulimbana kuyambira tili kubusa. Anandigwetsapo kamodzi pa mchenga, mwendo wanga utaterereka, ndipo mpaka lero amayenda ngati anagwetsa njovu.

Madzulo NyaShaba walamula kuti NyaBanda apite nawo. Akuti akaone mayi ake, komanso mchimwene wake ndi amene amagwira pa macheka, asankhe matabwa abwino. Ndikudziwa kuti ndi kazitape. Ndalola. Akhala kumbuyo ndi galu, monga mwa mwambo.

NyaShaba wafunsanso za nkhuku ija. Akuti paulendo pamafunika munthu woti akuuze zinthu. Ndati pa thirakitala ndinalibe wondiuza zinthu. Akuti pa thirakitala panali mpando umodzi.

Mvula ikadagwa. Ikugwera aZgambo, osati ine.

Lachitatu

M'mawa. Wina waseweretsa matayala anga. Zofiira zija zapotokoledwa zonse ziwiri. Ndazibwezera mmene zinalili. Ndalankhula mokweza, kuyang'ana kuphiri, kuti wogwira galimoto ya mwini adzaona. Chitedze wagwedeza mchira.

Masana, ku Luwawa. Tadutsa! Tadutsa Kanyoli!

Ndinaliona dambo lili ng'aning'ani, ndinati iwe ndi ine lero. Giya yachiwiri, moto mpaka pansi. Galimoto inavina ingoma, mutu uku matako uko, matope kuuluka kupitirira denga, koma tinatulukira tsidya. Wongani akanakhalapo akanatsika ndi ndodo mpaka dzuwa kulowa.

Zotayika, zazing'ono:

- galasi loonera kumbuyo, la kumanzere (kumbuyo ndikufunako chiyani?)
- chimanga chootcha
- khungwa la paini umodzi umene unamera pafupi kwambiri ndi msewu

NyaBanda watsika ali bii, maso okha. Galu chimodzimodzi. Wamupukuta galuyo kumaso ndi chitenje n'kumuuza kuti: "Chitedze, tadutsa chifukwa tinali opanda katundu. Ndiponso tasiya maenje athu awiri, mawa adzakhala atadzaza madzi." Galu wosayamika.

Kuno kukuzizira chomene. Chifunga chikutuluka pa damu ngati wina akuphika pansi pake. Mapaini ali ndondondo, onse msinkhu umodzi, ngati asilikali. Mayi ake a NyaBanda andilandira bwino: madzi otentha, tiyi wa mkaka, nkhuku. Nkhuku yomweyi imandilondola paliponse.

Pa macheka pali anthu a mitundu yonse, a ku Mulanje, a ku Ntcheu, a ku Chitipa, onse utuchi m'tsitsi. Mchimwene wa NyaBanda wasankha matabwa osalala, onunkhira utomoni. Akuti ndi aawisi, ndi olemera, nditenge theka lero theka tsiku lina, apo ayi ndibwerere njira ya tala. Maulendo awiri? Kuti aZgambo anene kuti ngolo yawo ikanatenga kamodzi? Ndati pakirani onse. Ndawonjezera makungwa a matabwa okamangira khola la nkhuku, popeza akungotayidwa.

Apakira mlongo ndi mchimwene wake, ine ndikumwa tiyi. Amanga ndi chingwe. Chingwecho chikufanana kwambiri ndi chimene ndinatsitsa dzulo.

Galimoto yakhala pansi kumbuyo, mphuno yayang'ana kumwamba. Ikuoneka yonyada. Ikufanana ndi mwini wake.

Lachinayi

M'mawa. Tanyamuka. Mayi ake a NyaBanda amugwira mwana wawo dzanja nthawi yaitali ngati akupita kunkhondo. Amukulungira bulangeti. Iye ndi galu akwera pamwamba pa matabwa.

Masana. Ndikulemba ndili m'galimoto. Galimoto ili pa Kanyoli. Sinatitimire, ikupuma.

Zinayenda chonchi. Tikutsika m'mapaini kunachita mdima, kenako matalala. Osati a masiku onse. Akuluakulu ngati nthudza, kugogoda denga mpaka wailesi osamveka. Atasiya, dambo lonse linali mbuu, loyera, losalala ngati mphasa yatsopano. Maenje a dzulo osaoneka, msewu osaoneka, udzu osaoneka. Ndinati kodi sinoo wa Wongani ndi ameneyu? Ndiye n'chiyani choopsa apa, zokongola chonchi?

Kumbuyo kunamveka kugogoda. Ndinaima kuti ndione ngati thabwa lagwa. NyaBanda anatsika ndi galu, n'kuthyola nthambi yaitali, n'kuyenda kutsogolo kwa galimoto. Analasa pansi. Nthambi inalowa yonse, dzanja lake n'kulowanso. Anatembenukira galu, ine ndikumva bwinobwino: "Chitedze, apa sipodutsa. Kumtunda kuli miyala, tikatsitsako matabwa tidutsa. Apa tikalowa tigona pompano."

Ndinadikira kuti achoke panjira. Dzulo ndinadutsa pomwepa. Dambo silisintha usiku umodzi.

Giya yachiwiri, moto mpaka pansi.

Tinafika pakati. Kenako galimoto inakhala pansi pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati mayi wofika pamaliro. Ndinaponda moto. Matayala akumbuyo analira, akutsogolo ali chete, ulesi. Ndinapondanso. Kubwerera m'mbuyo, moto. Kutsogolo, moto. Thirakitala imatuluka ukaikakamiza. Iyi yangotsikabe, tsopano matope ali pa chitseko.

Kunja kukuzizira koopsa, mphepo ikudula makutu. Ndatseka magalasi onse, injini ndaisiya ikulira kuti mpweya wotentha uzilowa. Ndikudikira dzuwa liumitse. NyaBanda ali pa chulu ndi galu, afunda bulangeti limodzi. Akumuuza galuyo zinazake za paipi ya utsi, akuloza kumbuyo. Sindikumva, magalasi ndi otseka.

M'kati muno ndi mofunda bwino. Mutu ukulemera pang'ono. Ndi kutopa. Zilembo zikuyendayenda. Nditseke maso kaye pang

Madzulo, mumsasa wa ocheka matabwa.

Mutu ukuwawa ngati andimenya ndi mpini. Ndasanza kawiri. Ndi tiyi wa dzulo.

Ndinadzidzimuka ndili chagada pa matalala, jekete la suti lili m'matope, kolala yong'ambika, injini itazima. Ocheka matabwa amene anathamangira ku dambo atamva kukuwa akuti paipi ya utsi inakwiririka, utsi wonse umalowa m'kati. Akuti mayiyo anakuwira galu mpaka mawu kutha, anamenya chitseko ndi thabwa, ine osagwedezeka. Akuti kenako analowa m'matope mpaka m'chiuno, n'kutsegula chitseko, n'kundikoka pakhosi ngati thumba la chimanga.

Zimenezo sizinachitike. Mkamwana sagwira apongozi ake. Anandikoka ndi Chitedze. Ndawauza, ndipo ndabwereza. Mmodzi wa ku Mulanje wati galu wake ndi wanzeru, wodziwanso kuzimitsa injini.

NyaBanda wakhala patali, wafulatira, akufinya chitenje chake.

Makiyi ndawapeza ali pa mwala, opukutidwa. Abwerera m'thumba.

Lachisanu

Msasa wa makungwa ndi pulasitiki wakuda. Utsi, nsikidzi, munthu wina wa ku Ntcheu woliza mkonono ngati macheka ake omwe. Bulangeti lija ndinadzuka nalo lili pa ine. Lakwera lokha, monga mwa chizolowezi chake. NyaBanda anagona kwa mayi wophikira anthuwa.

Matalala asungunuka. Dambo labwerera mtundu wake, ndipo galimoto yatsikanso pang'ono. Ikupuma mozama.

Injini yakana kulira. Paipi yadzaza dothi.

Zokumbira zimene tayesa:

- ndodo yanga (yathyoka)
- mbale ya ocheka matabwa (aitenganso, akufuna kudyera)
- manja

Kenako NyaBanda wauza galu kuti pansi pa matabwa onse pali fosholo. Pansi pa onse! Tatsitsa thabwa limodzilimodzi, kuwolotsa pamutu mpaka pa chulu, ine ndikulamula. Fosholo ilipodi. Ya kwathu, ya chigamba pa mpini. Ndati Mulungu amapereka. Wa ku Mulanje wati inde, kudzera mwa galu.

Jeke yokwezera galimoto tayika, yamira. Tayika thabwa la tchalitchi pansi pa jeke, lathyoka. Lina, lathyoka. Lina lalowa m'matope silinatulukenso. Dambo ili likudya mabenchi anthu asanakhalepo.

Akumba ndi NyaBanda ndi anyamata a macheka, kuchotsa dothi pansi pa mimba ya galimoto. Ine mutu sukundilola kuwerama, choncho ndaima pa tayala lakutsogolo kulondera zofiira zija. Ndaona maso ake akupita pamenepo.

Masana ndakwera chulu kusaka netiweki kuti ndiitane thirakitala ya kunkhalango. Woyendetsa wake akuti ku Kanyoli mwezi uno salowako ngakhale atatumidwa ndi amfumu. Achinyamata a lero. Ndisanatsike, foni yalira. Wongani.

Wafunsa ndili kuti. Ndati panjira. Wafunsa ngati galimoto ikuyenda. Ndati ikupuma. Wafunsa ikupuma pa chiyani. Netiweki ya pa chulu ndi yovuta, imaduka munthu ukangodina pofiira.

Kenako yalira foni ya NyaBanda. Wakwera chulu china. Walankhula nthawi yaitali, motsitsa, akupukuta m'maso. Kenako waimbira wina. Ndamva "amama", ndamvanso dzina limene sindifuna kulilemba.

Ndauza Chitedze kuti ng'ombe za munthu ameneyo zikafika pano, ine ndilowa m'dambo ndekha. Ndazindikira mochedwa kuti tsopano nanenso ndayamba kulankhula ndi galu.

Madzulo atokosa paipi ndi waya, dothi latuluka ngati soseji. Injini yatsokomola, yalira. Ndafuna kuyesanso kamodzi. Onse aima kutsogolo kwa galimoto, manja m'chiuno. Anthu obwera alibe ulemu.

Mawa ndi Loweruka. Misomali ikudikira.

Loweruka

Abwera.

AZgambo kutsogolo, chipewa pamutu, ng'ombe zinayi pa magoli awiri, tcheni paphewa. Kumbuyo kwawo NyaShaba. Kumbuyo kwa NyaShaba theka la mpingo. Amayi a chigwirizano atenga ndi mbatata zomwe, ngati akupita kumsonkhano wa chitsitsimutso. Mlembi wa mpingo wavala malaya oyera.

AZgambo avula chipewa. "Tamva kuti galimoto ikupuma, bambo. Tabwera kudzaidzutsa."

Ng'ombe sindinaziitane ine. Zikafuna kukoka, ndi nkhani ya pakati pa izo ndi galimoto.

NyaShaba wandiyang'ana kolala yong'ambika, wandigwira pamphumi, wapita kwa NyaBanda n'kumukumbatira pamaso pa anthu. Ine wandisiya ndili chiimire. Bola akanakalipa.

Amanga tcheni. Ndalowa, ndaliza injini. AZgambo akuti ndisaponde moto, ng'ombe zawo sizidziwa phokoso. Akweza chikwapu, ng'ombe zakoka, galimoto yagwedezeka, ndamva moyo ukubwerera. Munthu ungaone ng'ombe zikuvutika iwe uli ndi injini? Ndathandiza pang'ono.

Zotsatira:

- ng'ombe zakutsogolo zathawira kumanzere, zakumbuyo kumanja
- goli limodzi lathyoka
- aZgambo akhala pansi m'dambo (tsopano tafanana, za pa mchenga zija zatha)
- malaya a mlembi si oyeranso
- galimoto yabwerera m'dzenje lake

AZgambo adzuka, matope akuyenderera m'makutu. Ulemu wonse wathawa. Akuti ng'ombe zawo sizikokanso ine ndili pa chiwongolero, ngakhale abwere abusa. Afunsa ngati pali wina wodziwa kuyendetsa. Anthu onse ayang'ana kumodzi.

Ndati makiyi sindingamupatse, mwambo sulola kupatsana pamanja. Ndimaganiza kuti pamenepo ndawatsekera. NyaShaba watambasula dzanja lake. Kupatsa mkazi wako mwambo umalola. Sindinaganizeko. Makiyi adutsa m'dzanja lake, akafika kwa NyaBanda.

NyaBanda wagwada kaye cha patali, kuyang'ana pansi. Kenako wadzuka ngati munthu wina. Wazungulira matayala onse ndi kamtengo, psii, psii, kuwaphwetsa ine ndikuona. Wayala makungwa anga a khola la nkhuku ndi thabwa limodzi la tchalitchi kutsogolo kwa tayala lililonse. Wagwada m'matope, wapotokola zofiira zija, china, kenako chinzake. Walowa. Injini ikungong'ung'udza pansipansi ngati mphaka. Wakodola aZgambo ndi mutu.

Ng'ombe ziwiri zokha. Matayala akutsogolo, aulesi aja, ayamba kuzungulira. Onse anayi! Pang'onopang'ono, mopanda ulemerero uliwonse, galimoto yakwera pa makungwa, yatuluka, yakaima pa miyala kumtunda.

Nthungululu. Amayi ayambitsa nyimbo. Wa ku Mulanje wagwira Chitedze mwendo wakutsogolo kumuthokoza.

Ine ndinali nditaifewetsa kale. Zimenezo palibe akunena.

Tapakira matabwa otsala. AZgambo akuti theka lipite pa ngolo yawo, ili kumtunda. Theka lapita pa ngolo.

Ndapita ku chitseko cha dalaivala. NyaShaba waima pamenepo. Akuti munthu amene wamwa utsi sayendetsa, ndipo Wongani wanena kale. Ndazungulira ku chitseko chinacho. NyaShaba wafika kale, wakhala, thumba la mbatata pamiyendo. Watsitsa galasi.

"Mukhala bwanji muno, adada? Muli mkamwana wanu. Mwambo."

Ndabwera kumudzi ndili pamwamba pa matabwa, ine ndi Chitedze, ambulera m'manja. Tadzera njira ya tala, pang'onopang'ono, kukapopetsa matayala pa Jenda. Pa Jenda! Loweruka, tsiku la anthu! Dalaivala wa ndevu uja analipo. Wandipatsa moni ndi manja awiri.

Ndakhala mowongoka njira yonse. Kumwamba kuno mphepo ndi yabwino, ndipo munthu umaona minda ya anthu mmene yalimidwira. Ndinkafuna kale kukhalako.

Lamulungu

Dzuwa. Lero ndiye latuluka, lopanda manyazi.

Mabenchi atuluka atatu ndi kachidutswa. Akhoma dzulo lomwelo mpaka madzulo. Limodzi lili ndi chidindo cha tayala pakati, matope analowa m'thabwa, sakuchoka. Andikhazika pomwepo, akuti ndi la olemekezeka. Ulaliki unali wa Farao ndi magaleta ake m'nyanja. Mlaliki akuti anaukonza kalekale. Mlaliki wake ndi mlembi uja.

AZgambo andipatsa moni pakhomo la tchalitchi, afunsa za mutu. Ndafunsa za goli. Ndawauza kuti mtengo wa goli ndili nawo kuseri kwa khola, akatenge. Si kupepesa. Mtengowo umangodya malo.

Thumba la jekete lapepuka. Dzanja likumapitako lokha.

Wongani waimba. Sanakalipe. Wangofunsa ngati ndikupuma bwino. Akuti mnzake wina kumapiri kuja anamupeza m'galimoto m'mawa, sinoo atatseka paipi, wailesi ikuimba, iye atapita kale. Ndati matalala a kuno ndi ena. Wati inde adada.

Masana ndalowa m'khola. Ndagwira thadzi lalikulu lamawangamawanga, loikira kwambiri, limene NyaShaba amalikonda. Aone nayenso kuwawa kwake. Ndaitanitsa mphasa pabwalo. Ndanena pamaso pa NyaShaba kuti ndikuchita izi chifukwa galu watopa. Sabata yonse akumusenzetsa mawu, waonda.

NyaBanda wabwera chogwada. Ndamupatsa nkhuku pamanja, manja anga ndi ake. Zala zake zili ndi mabala a fosholo. NyaShaba waliza kanthungululu kakang'ono, n'kupukuta maso ndi mpango.

Ndadikira mawu oyamba. Zaka zonsezi, ndimati adzayamba ndi kuthokoza kwakutali, kotchula makolo.

"Yewo, adada. Mawa tikupita ku Mzimba, akakupimeni m'chifuwa. Mukhala kutsogolo. Lamba mumanga."

Basi. Watenga nkhuku yake, wapita. Makiyi akulira m'chiuno mwake, wawamangirira pa chitenje.

Pakamwa ndatsegula ndekha, ndilibe womunamizira.

Kutsogolo ndikhala. Njira ndimuuza ndine, ngakhale ndi ya tala.

Madzulo ano NyaBanda akusesa pafupi ndi khonde. Chitedze wagona pamapazi anga. Ndamugwedeza ndi phazi, ndamuuza mokweza ndithu, kuti mayi uja pa Kanyoli anayendetsa bwino, ndiponso kuti kolala ya jekete ndi yosokeka, palibe mlandu.

Galu sanadzuke. Tsache linaima pang'ono, kenako linapitiriza.